Bwato Lanu ndi Njinga ya ku Utale

Kwa Ngokwe,
Machinga.
9 Febuluwale 2025

Okondedwa achimwene Zuberi,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli amoyo, mukudzuka ndi mphamvu n'kupita ku ntchito monga mwa nthawi zonse. Kuno tikupuma, Alhamdulillah. Sindilemba kuti tili bwino, poti ndinu amene munkandikoka khutu tili ana ndikanena bodza, ndipo khutulo likukumbukirabe.

Musadabwe kuona pepala m'malo mwa foni. Foni ija munanditumizira inasanduka madeya, ndipo madeyawo tinadya kale. Nambala yanunso inasiya kugwira kalekale. Tikaimba pa foni ya amalume amatiyankha ndi mzimayi wa Chingerezi amene satimva ife, nafenso sitimumva. A Usumani, oyendetsa lole ija yonyamula katundu wa anthu a ku Joni, akuti akudziwa nyumba imene mumagona, ndipo alonjeza kupereka kalatayi m'manja mwanu. Abwerera kuno Ramazani isanayambe. Mawu amenewo muwasunge, muona kutsogoloku chifukwa chake.

Ndiyambe ndi chachikulu, kuti mukatopa ndi kuwerenga mukhale mutachimva. Amayi ndi amalume Che Uladi akufuna kuchotsa alamu anu a Mailosi pamudzi pano. Akuti apite okha, ine ndi ana, Halima ndi Maziko, titsale. Akuti mawu omaliza ndi anu, chifukwa mwini mbumba ndinu, ndiponso bwato limene latayika linali lanu. Eya achimwene, mwawerenga bwino. Bwato lanu kulibe, maukonde kulibe, ndipo chimene tinafuna kugula m'malo mwake sitinabwere nacho. Khalani pansi ndikufotokozereni mmene zinayendera musanakwiye.

Za njala munamva muli komweko. Chimanga cha chaka chatha chinapserera chikungomasula, nkhokwe tinangoisesa n'kuitseka. Mango atatha tinalowa m'tchire kufuna chitedze. Inu amene munkathawa mukangochiona patali, lero mlongo wanu amachithyola ndi manja, kuchiphika tsiku lathunthu, kutaya madzi, kuphikanso, kuti chisavulaze ana m'mimba. Kunyanja nakonso kunauma mtima. Alamu anu ankapalasa kuyambira mbandakucha n'kubwera ndi timatemba tosadzaza mbale, ndipo tsiku limene agwira milamba yooneka, wogula panalibe. Munthu wopanda ufa sagula ndiwo.

Pa Ngokwe amene ankaoneka kuti akutafuna kanthu ndi anyamata a kabaza ya njinga zamoto. Njala ivute bwanji, odwala amapitabe kuchipatala ndipo maliro amayendedwabe. Mukudziwa kuti a Mailosi asanandikwatire ankayendetsa njinga ya munthu ku Balaka, msewu amaudziwa kuposa madzi. Ndiye anati tigulitse bwato tigule njinga yakale, zinthu zikadzakhala bwino tidzagule bwato lina. Tinakuimbirani, foni osagwira. Tinafunsa amayi, anavomera. Lero akukana kuti sanavomere, koma ine ndinalipo. Anali pakhonde akuluka mkeka, ndipo osadzutsa n'komwe mutu anati, "Bwato silitafunidwa, gulitsani."

Bwatolo anagula ndi munthu wa kutsidya, ku Mozambiki. Ndalama yake sinakwane njinga ya m'sitolo ku Liwonde, ndipo zakale zimene tinaona pa Ntaja zinkatsokomola ngati nkhalamba ya fodya. Ndi pamene ine ndi nzeru zanga za Fomu 2 ndinatsegula foni n'kulowa pa tsamba lina la malonda pa intaneti, pamene anthu amaika zithunzi za zinthu zimene akugulitsa. Ndinaiona njinga yofiira, matayala abwino, mpando wosang'ambika, itaimikidwa pafupi ndi mlambe. Mtengo wake unali ngati wolembayo anayamba wasuzumira m'thumba mwathu. Pansi pake panali nambala ya foni ndi dzina loti Jasten.

Musaganize kuti tinali opusa, achimwene. Wailesi timamvera. Tinkadziwa kuti pa foni pali akuba, kuti munthu usatumize ndalama pa chinthu chimene sunachione ndi maso. Ndipo woyamba kutichenjeza anali Jasten yemweyo. "Mlongo wanga, musanditumizire ngakhale kobiri limodzi musanaikwere njingayo," anatero. "Masiku ano anthu aipa. Osakhulupirira aliyense, ngakhale ine ndemwe." Anati iye amagwira ntchito ku Mzuzu, koma njinga ili kwa apongozi ake, a Goliati, ku Utale. Atamva kuti ndine wa kwa Ngokwe anasintha chilankhulo nthawi yomweyo, "Ali uli?" Chiyao chake chinali chosapindika, ngati cha munthu amene anakulira kuseri kwa nyumba yathu.

Ankaimba tsiku ndi tsiku. Ankafunsa za mwendo wa amayi, za chifuwa cha Maziko, za mvula. Tsiku lina anati, "Nanga pamudzipo wokuyang'anirani ndani, mulibe mlongo wamwamuna?" Ine ndinamasuka. Ndinamuuza za inu, dzina lanu, chaka chimene munapita ku Joni, ngakhale za foni imene tinkalankhulirayo kuti inachokera kwa inu. Ndikuuzeni zoona ngakhale zikupwetekeni. Munthu ameneyo anandifunsa za moyo wanga kambiri m'sabata imodzi kuposa mmene inu mwandifunsira chaka chonsechi, ndipo ine ndinkasangalala foni ikalira.

Titagwirizana tsiku lopita, anatsitsa mawu. "Mlongo wanga, pali kanthu kamodzi ndikupempheni. Njingayo inali ya malemu mlamu wanga, mwana wamwamuna yekhayo wa apongozi angawo. Watisiya posachedwa pompa. Akuluwo andipempha kuti ndiwagulitsire ine, iwo sangathe kukanganirana mtengo pa chinthu cha mwana wawo. Mukafika ionani, iyeseni mmene mungafunire, koma za ndalama pakhomo paja musatchule. Amayi ake a malemuyo akangomva mawu a malonda amakomoka. Mukakhutira mutumize kwa ine, ndiwaimbira kuti akupatseni kiyi."

Inu mukanatani? Tinaleredwa ndi mayi mmodzi. Ndi amayi omwewa anatiphunzitsa kuti pakhomo pa anamfedwa sulowa ndi mawu a pamsika. Ine ndinamuona Jasten ngati munthu woleredwa bwino, ndipo ndinamuthokoza chifukwa chotichenjeza.

Amayi anati ndipite ndi a Mailosi ndikaone ndi maso anga, mkamwini yekha angakagule chitsulo chakufa. Tinakwera lole ya makala mpaka ku Liwonde, minibasi mpaka ku Balaka, kotsalako tinaponda pansi. Ku Utale n'kouma kuposa kuno, achimwene. Chimanga cha chaka chino chinali chitapinda masamba, mbuzi zikuoneka nthiti. A Goliati tinawapeza akutidikira panjira. Dzina lokha ndiye lalikulu, thupi ndi la njala ngati lathu lomweli, lamba womanga kawiri. Anatilandira ndi manja awiri ngati abale amene anatayika. Akazi awo a Modester anali ndi mpango wakuda kumutu. Ndinagwada n'kunena kuti, "Pepani ndi zovuta zinakugwerani," iwo misozi chuchuchu. Zonse zimene Jasten ananena tinazipeza, mlambe uja, njinga yofiira ija, ndi chisoni chomwe.

A Mailosi anachita zonse zimene munthu wodziwa njinga amachita. Anamvetsera injini, anayang'ana mafuta ndi tcheni, anafananiza nambala ya pa injini ndi ya m'bulubuku, kabuku kaja kosonyeza mwini njinga. Dzina linali la malemuyo, monga mmene tinauzidwira. Kenako anaikwera mpaka kunjanji n'kubwerako. Nkhope imene anabwera nayo ndinali ndisanaione chiyambire chilala. Ankaseka ngati mwana. A Goliati anatembenukira kumbali n'kupukuta m'maso, akuti chiikire maliro injiniyo inali isanalire.

Tisanadziwe n'komwe, a Goliati anagwira nkhuku n'kuwapatsa a Mailosi mpeni. "Paja inu ndi Asilamu. Chinjani nokha kuti mudye momasuka." Ndinasuzumira m'khola, inali yomaliza. Ufanso unali wobwereka, ndinawamva a Modester kumpanda akuuza mnzawo kuti abweza mawa ndalama ikalowa. Tinadya. Ndikuvomereza kuti ndinadya mopanda manyazi, mpaka mafupa, ndipo ndinakulunga chiwindi m'tsamba kuti ndikapatse Maziko.

Tili pa mkeka pomwepo a Goliati anati, "Achimwene anu a ku Joni aja ndi munthu, mayi. Masiku ano ndani amakumbukira mlongo wake ndi mlamu wake chonchi?" Ine mtima unakoma. Ndinaganiza kuti Jasten wawauza za inu pocheza. Ndinayankha kuti, "Eya, ndi munthu wabwino," ndipo ndinakunyadirani. Pobweza ulemu ndinati, "Nawonso akamwini anu ndi aulemu zedi." Iwo anangogwedeza mutu, poti mkamwini weniweni ali naye. Tinasiyira pomwepo, aliyense akuopa kuponda pamene anauzidwa kuti asapondepo.

Apa mvetsani bwino, chifukwa ndi pamene amayi amatseka makutu. A Mailosi anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kunong'ona kuti, "Mayi a Halima, mwini njinga ndi uyu ali apayu. Bwanji tingowapatsa m'manja akuluwa, tisiye zotumiza ku Mzuzu?" Ine ndinawatsina pamkono. Ndinati, "Mukufuna mayi awa akomoke nkhuku yawo tili nayo m'mimba? Kwanu ku Nsamala simunalangidwe?" Anandimvera. Zimenezi ndawauza amayi kambirimbiri, ndawauzanso amalume. Akuti mwana wa pamudzi pano sangapuse chonchi, wapusa ndi mlendo.

Tinapita kwa ejenti pa sitolo za pafupi. Potumiza panatuluka dzina la mzimayi, koma Jasten anali atatiuziratu kuti nambalayo ndi ya akazi ake. Ejenti anafunsa kuti, "Mukumudziwa amene mukumutumizirayu?" Ine ndinayankha ndi mtima wonse kuti ndikumudziwa. Bwato lanu linalowa m'foni ndikuona.

Titabwerako a Mailosi anagwada n'kupempha kiyi. A Goliati anatulutsa kafoni kawo m'thumba la malaya, kukayang'ana, kukabwezera. "Tidikire pang'ono, uthenga sunalowe. Mwina ndi netiweki." Tinakhala. Ife tinkaganiza kuti akudikira Jasten awauze kuti zatheka, pamene iwo ankadikira ndalama. Mthunzi wa mlambe unachoka pa njinga n'kufika pakhonde, anthu akuluakulu anayi tikungomwetulirana n'kumakamba za mvula. Ndinapita pambali kuimba nambala ya Jasten, inali yozima. A Goliati nawo anapita pambali pawo kukaimba, anabwera nkhope itagwa.

"Mayi," anatero, "taimbirani achimwene anuwo pa nambala ina. Anati akangomva kuti mlamu wawo waikonda njinga, atumiza ndalama kuchokera ku Joni."

"Achimwene anga ati?" ndinafunsa.

"A Zuberi, amene akukugulirani njingayi. Anandipempha kuti ndisatchule mtengo pamaso panu, akuti amuna anu angachite manyazi kuti akugulidwira chinthu ndi mlamu."

Ndinati, "Bambo, ife talipira kale. Tatumiza kwa akamwini anu a Jasten."

"Mkamwini wanga ndi mmodzi, ali ku Phalula, ndipo alibe ngakhale njinga yakapalasa. Jasten ndiye ndani?"

Tinaika mafoni awiri pa mkeka. Nambala inali imodzi yomweyo. Mwana wawo wamkazi ndi amene anaika zithunzi za njinga pa intaneti, ndi mtengo wake weniweni ndi nkhani ya maliro. Munthu uja anatenga zithunzizo n'kuziikanso pena ndi mtengo wotsika. Kwa ife anali mkamwini wa a Goliati. Kwa a Goliati anali inu, achimwene. Anavala dzina lanu limene ndinamupatsa ndekha, ndipo linamukwana bwinobwino.

A Modester analira mokuwa, anthu n'kuthamangira. Mukudziwa mmene zimakhalira, wina anangomva mawu awiri, njinga ndi kuba. Anyamata anawagwira a Mailosi n'kuwagwetsa pansi, wina chibakera, wina chidendene, wina anathamangira tayala lakale. Ine ndinkakuwa m'Chiyao, palibe amene ankandimva. Amene anawapulumutsa ndi a Goliati. Nkhalamba ija inadzigwetsa pamwamba pawo n'kumakuwa kuti, "Munthuyu wadya m'mbale mwanga! Waberedwa pamodzi ndi ine! Mukafuna kuwotcha yambani ndi ine!" Alamu anu anatsala ndi diso lotupa, ndipo dzino limodzi lapatsogolo linatsala ku Utale.

Kupolisi analemba zonse. Anatiuza kuti nambala ija inalembetsedwa pa chitupa cha munthu wina amene mwina sakudziwa n'komwe, kuti si ife oyamba, ndipo kuti afufuza. Wapolisi wamkazi anandifunsa mwachifundo kuti, "Mayi, mwini njinga munakhala naye pa mkeka umodzi. Bwanji osamufunsa mtengo?" Akuti safunsa anadya phula. Ife tinadya nkhuku ya anamfedwa. Ndalama yobwererera tinaipeza titagulitsa jekete ya a Mailosi pa Balaka.

Za mmene tinalandiridwira kuno sindilemba zonse, pepala lingathe. Amayi anati, "Ndinanena ine, munthu wa kumtunda sadziwa mtengo wa bwato." Che Uladi anaitanitsa ankhoswe n'kunena kuti mkamwini ndi mlendo, ndipo mlendo akaswa mphika wa eni ake sadikira kuuzidwa njira. Kuyambira tsiku limenelo mbale ya a Mailosi amayi anaivundikira pa thandala. Pogawa chakudya amaidumpha ngati palibe munthu. Ine ndimatenga yanga n'kupita nayo kuseri, timagawana. Iwo amakana, ine ndimawanamiza kuti ndalawa kale pophika.

Musawakwiyire amayi. Ndawayang'anitsitsa ndipo ndaona kuti si bwato limene likuwapweteka kwambiri. Thumba la chimanga cha thandizo limabwera limodzi pakhomo, silifunsa kuti muli angati. Amayi akayang'ana a Mailosi saona mkamwini amene anawafolerera nyumba ndi kuwanyamula pamsana kupita nawo kuchipatala mwendo utatupa. Amaona pakamwa pamene pakudya gawo la zidzukulu zawo. Njala ndi imene ikulankhula, koma ikulankhula ndi mawu a mwambo, ndiye palibe amene angaitsutse kupatula inu.

Nanga apita kuti? Kwawo ku Nsamala makolo anatha, minda inapita kwa alongo awo. A Mailosi anasiya tchalitchi chawo n'kulowa Chisilamu chifukwa cha ine, ndipo abale awo sanaiwale. Masiku ano amayenda mtunda wautali kukapalira minda ya anthu, amabwera ndi kambale ka madeya, n'kukapereka kwa amayi omwe aja amene sawagawira. M'mawa uliwonse amamanga kamtolo kawo, bulangete, malaya awiri ndi khasu, n'kukaika pafupi ndi chitseko kuti akauzidwa zochoka asachedwetse anthu. Akachoka ine ndimakamasula. Halima anazindikira, tsopano amakhala pamwamba pa kamtoloko mpaka bambo ake atalonjeza kuti abwera.

Ndinkaganiza kuti zathera pamenepo. Koma Lachisanu lapitali, anthu akutuluka mu mzikiti, tinamva njinga ikulowa pabwalo. Yofiira ija. Ankayendetsa ndi mnansi wawo, kumbuyo kuli a Goliati, fumbi mpaka m'nsidze. Mafuta anachita kubwereka. Anakhala pansi pamaso pa amayi ndi Che Uladi, n'kutulutsa bulubuku ndi chitupa chawo n'kuziika pa mkeka. "Ulendo uno tisachitirane ulemu," anatero. "Ulemu unatidyera nkhuku ndi bwato. Ndinena zanga poyera, inunso funsani zonse."

Anati, "Ndikaigulitsa njingayi tidya miyezi ingapo, kenako ine ndi mkazi wanga tidzangoyang'anana. Ikamayenda tidya tonse pang'onopang'ono. Ndinaona mmene mwana uyu anaikwerera. Aziyendetsa kabaza kuchokera ku Utale kupita ku Balaka, zopeza tizigawana. Nyumba ya malemu mwana wanga ili chitsekere. Abwere ndi banja lake, mkazi wanga amveko phokoso la ana pabwalo."

Ndinafunsa, achimwene. Ndinafunsa ngati munthu wosalangidwa. Njingayi palibe wina amene akuiyembekezera? Malemu sanasiye mkazi kapena mwana? Mafuta azigula ndani? Ikawonongeka? Ikabedwa? Tizigawana bwanji, ndipo tikakangana atiweruze ndani? Amalume ankandiyang'ana ndi diso lofiira, ine osasiya. A Goliati anayankha chilichonse osazemba, ndipo pamene sankadziwa ankanena kuti sakudziwa. Anati tikafika tikanene zonsezi pamaso pa akuluakulu a kumeneko, mkamwini wawo weniweni uja aliponso.

Amayi anakana ndi mawu amodzi a Chiyao, "Ngwamba." Kenako anati, "Apite yekha. Ana ndi a pano, mayi wawonso ndi wa pano." Che Uladi anati mkazi wa mbumba ino sapita chitengwa popanda mawu a mlongo wake wamwamuna, ndipo mlongo wakeyo ndi Zuberi. Anawonjezera kuti a Mailosi akatuluka pamudzi pano okha, ndiye kuti ukwati watha, asadzabwerenso. A Goliati anati adikira mpaka mwezi uno utha. Kupitirira apo sangathe, nawonso akugonera madzi, ndipo pali wamalonda wa pa Balaka amene akufuna kuitenga pa mtengo wolira. Ponyamuka amayi sanawapatse ngakhale madzi akumwa. Ndinawathamangira ndi chikho mpaka kumsewu, iwo anati, "Sikomo kwejinji," Chiyao chokhacho chimene amadziwa.

Ndiye ndagwada, achimwene. Sindikupempha ndalama. Ngakhale mutakhala nazo musatumize pa foni, ndingaziope. Ndikupempha mawu okha, akuti Esime apite ndi mwamuna wake ndi ana ake ku Utale. Amayi sindiwataya. Pakamwa panayi pakachoka, thumba lija liwakwanira iwo ndi amalume, ndipo chilichonse chimene njinga ibweretse, gawo lawo lizifika. Bwato lanu sitinaliiwale. A Mailosi akuti adzabweza ngakhale atakalamba akubweza, ndipo munthu ameneyu sindinamumvepo akulonjeza chabe. Koma mukati achoke, dziwani kuti mukulanga munthu amene anafuna kufunsa, n'kusunga amene anamutsina.

Mwinanso mwakhala chete chifukwa kumeneko zinthu zavuta. Timamva kuti ntchito zimatha, mapepala amatha, anthu amagona m'chipinda chimodzi ngati matemba. Ngati ndi choncho, ngati mukuopa kuimba chimanjamanja, musatero. Manyazi anapha lambe. Ine ndaona ndi maso anga anthu anayi anjala atakhala pa mkeka umodzi, aliyense akusunga ulemu wa mnzake, wakuba akudya. Nenani kuti mulibe, tidzamva. Chimene sitingathe kumva ndi chete ameneyu.

Poyankha musaimbe foni ya amalume, mawu a pa foni sindiwakhulupiriranso, ndipo anu ndayamba kuwaiwala. Lembani ndi dzanja lanu lopendama lija, mupatse a Usumani. Mulembemo dzina limene munkanditchula ndili mwana, lija ndinkalira nalo. Limenelo lokha sindinamuuze munthu uja.

Amayi akupatsani moni. Mwendo ukuwavutabe, koma lole ikamadutsa amadzikoka mpaka kumpanda kukayang'ana ngati yaima. Che Uladi akuti moni, akuti musaiwale swala, muzipemphera. Halima akuti amalume adzabwere ndi buledi. Maziko sakudziwani, paja munachoka ali m'mimba. Jasten akaimba, mwanayu ankalanda foni n'kumati amalume, ndipo mpaka lero amafunsa kuti amalume asiyiranji kuimba. A Mailosi sanandipatse moni woti ndilembe, akuti alibe nkhope yopatsira moni mwini bwato. Moni wawo ndaikamo ndekha, mulandire. Za ine musadandaule. Mapazi atupa pang'ono, koma ndi kuyenda kumeneku. Ramazani sitikuiopa, kusala tinayamba kale.

Chomaliza ndi ichi, ndipo ndikukuuziranitu kuti musadzati ndinakuberani dzina mobisa ngati munthu uja. Paja amayi sawerenga, ndipo amalume amawerenga Chiarabu chokha. Makalata onse pakhomo pano ndimawerenga ndine. Lole ya a Usumani ikadzafika yopanda kalata yanu, ndidzatenga pepala lililonse, ndidzakhala pa mkeka pamaso pawo, ndidzalitambasula n'kunena kuti, "Achimwene a ku Joni alola." Ndinaona ku Utale kuti mawu amenewo anthu amawakhulupirira ngakhale wowanena si inu. Khutu lija munkakoka layamba kale kundiwawa. Chonde achimwene, ndilembereni, kuti tsiku limenelo ndidzawerenge zoona.

Ndine mlongo wanu wa bere limodzi,
Esime